Loving County, boma la anthu 64 ku Texas

Mwafunsa ngati n'zoona kuti ku America kuli boma limene anthu ake sakwana ndi 100 omwe. N'zoonadi, ndipo bomalo ndi Loving County, lomwe lili kumadzulo kwa Texas, m'malire ndi New Mexico. Kalembera wa mu 2020 anapeza anthu 64 okha pa dera la masikweya kilomita pafupifupi 1,750, ndipo likulu lake ndi kamudzi kotchedwa Mentone.

Dzinali linachokera kwa Oliver Loving, woweta ng'ombe amene anamwalira mu 1867 atavulazidwa pomenyana ndi anthu a mtundu wa Comanche. Bomali linakhazikitsidwa mu 1887, koma ulamuliro wake, umene unayamba mu 1893, unathetsedwa mu 1897 anthu atasamuka, ndipo unayambiranso mu 1931 chifukwa cha mafuta amene anapezeka pansi pa nthaka.

M'maganizo mwanga, chimene chalepheretsa anthu kukhazikika kumeneko ndi madzi, pakuti deralo ndi louma kwambiri ndipo madzi a mtsinje wa Pecos, umene uli malire ake a kumwera chakumadzulo, ndi amchere. Ngakhale mu 1940, pamene anthu anali ochulukirako, analipo 285 basi.