François Bayrou ndi ndale za pakatikati: yankho kwa achemwali

Sabata yatha achemwali ena ananditumizira imelo, akuti: "Kodi François Bayrou wa ku France uja akamati ndi wapakatikati ndiye kuti chani? Si anthu aja ongoyang'ana kumene mphepo ikulowera basi?"

Achemwali, inenso poyamba ndinkaona choncho, koma kwa bambo ameneyu sizikugwirizana ayi. Ku France ndale amazigawa kumanja ndi kumanzere, ndipo Bayrou anakulira chakumanjako, anali nduna ya zamaphunziro kuyambira 1993 mpaka 1997 m'maboma a mbali imeneyo. Ndiye pa chisankho cha upulezidenti cha 2012 atagwa mu raundi yoyamba anangolengeza poyera kuti voti yake apatsa François Hollande wa chipani cha kumanzere cha Socialist, osati Nicolas Sarkozy wa kumanja. Anzake akale anakwiya zedi, a Socialist aja osamuthokoza n'komwe, anamuikira kandideti kudera kwake konko ndipo mwezi wotsatira mpando wake wa ku palamenti unapita. Mapanga awiri anamuvumbwitsadi, koma munthu wotsata mphepo sangadziponye m'moto chonchi, ameneyu ndi wamakani basi.

Ndi mwana wa mlimi wa ku Bordères kufupi ndi mzinda wa Pau, anabadwa mu 1951, ali mwana anali wachibwibwi koma anadzakhala mphunzitsi wa Chilatini ndi Chigiriki. Upulezidenti anaupikisana katatu, 2002, 2007 ndi 2012, ndipo pabwino penipeni panali 2007 pomwe anakhala nambala 3 ndi mavoti oposa 18 peresenti, n'kuyambitsa chipani chake cha MoDem. Pa kampeni ya 2002 ku Strasbourg kamnyamata kena kankamupisa m'thumba, iye anangokapatsa mbama makamera akujambula, anthu ambiri mpaka lero amamukumbukira ndi zimenezo hahaha.

Mu 2017 anasiya kupikisana n'kupereka sapoti kwa Emmanuel Macron, yemwe atapambana upulezidenti anamupatsa unduna wa zachilungamo koma sunakhalitse, patangotha mwezi ndi masiku ochepa anatula pansi chifukwa cha nkhani yoti chipani chake chinkalipira antchito ake ndi ndalama za European Parliament, palamenti ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya. Khoti linadzamupeza wosalakwa mu 2024.

Apa ndiye pomwe ine amandikhumudwitsa. Anasankhidwa kukhala nduna yaikulu pa 13 Disembala 2024, mawa lake namondwe Chido, yemweyu anadzafika ku Mozambique ndi kuno ku Malawi, anasakaza chilumba cha Mayotte chomwe chili pansi pa France. Bambo aja m'malo mokhala ku Paris pa msonkhano wa ngoziyo anakwera ndege kupita ku Pau kukachititsa msonkhano wa khansala poti analinso meya kumeneko, za Mayotte anangolowa pa vidiyo. Anthu anamunena kwambiri ndipo ine sindingamuikire kumbuyo.

Kenako mu 2025 anabwera ndi pulani yopulumutsa mayuro pafupifupi 44 biliyoni chifukwa cha ngongole ya boma, mkatimo munali kuchotsa maholide awiri, Lolemba la Pasaka ndi pa 8 Meyi, mukudziwa inu Mfalansa ndi holide yake. Palamenti inali yogawikana patatu, iye analibe aphungu okwanira, komabe mwini wakeyo ndi amene anapempha kuti aphungu avote ngati akumukhulupirira. Pa 8 Seputembala 2025 okana anali 364, ovomera 194, mpando umene anaudikira zaka zonsezo anangoukhalapo miyezi 9 yokha n'kuusiyira Sébastien Lecornu.