Ndizipereka kapena ndizingokweza galasi?

Mayi ena a ku Area 25 anditumizira imelo yaifupi koma yoluma. Akuti akaima pa maloboti m'tauni ana amaunjikana pagalasi la galimoto, iwo amatulutsa K200 kapena K500, ndiye bambo a kunyumba amawanena kuti akuweta mbava. Funso lawo ndi lakuti: ndizipereka, kapena ndizingokweza galasi?

Mayi, inu ndi bambowo mukukangana ngati kuti pamsewupo pali munthu mmodzi, chonsecho alipo osachepera anayi. Dzina lakuti masikini ndi thumba limene timaponyamo aliyense wotambasula dzanja. Pali mwana amene ali ndi kwawo, ku Mtandire, ku Mgona kapena ku Chinsapo, amene amalawirira m'tauni n'kubwerera dzuwa litalowa ndi ndalama yogulira ka walkman ka ufa ndi kamulu ka makala. Pali mnyamata amene kwawo anachokako kalekale, amagona pa makatoni pakhonde la sitolo kapena pansi pa mlatho pafupi ndi msika. Pali bambo kapena mayi wosaona amene wagwira phewa la kamwana koyenera kukhala mu Sitandade 3. Ndiye pali wodwala maganizo uja amene sapempha n'komwe, amangotola m'mabini. K500 yomweyo ikagwa m'manja anayi amenewa imagwira ntchito zinayi zosiyana.

Ambiri timaganiza kuti mwana aliyense wapamsewu ndi wamasiye wogona panja. Mu 2015 bungwe la Retrak pamodzi ndi la Chisomo Children's Club anatulutsa zotsatira za kalembera wa ana a m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Anapeza oposa 4,000, ndipo ochuluka kwambiri anali ogona kunyumba, kwa makolo kapena kwa achibale. Kalembera ameneyo ndi wakale. Anachitika namondwe Freddy asanagumule Soche ndi Chilobwe mu Malichi 2023, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Koma chimene anaonetsa musachiiwale: kuseri kwa mwana wopempha nthawi zambiri kuli khomo, ndipo pakhomopo pali munthu wamkulu amene akudikira ndalamayo kuti mphika ukwere pamoto.

Tsono tiyeni tiwerenge ngati mayi wa pakhomopo. Tinene kuti pa ola lathunthu anthu asanu okha ndiwo atsitsa galasi, aliyense K200. Imeneyo ndi K1,000. Mwana akaimapo kuyambira 7 koloko mpaka nkhomaliro, wagwira K5,000 kapena kuposa, ndalama imene amayi ake nthawi zina saiona atachapa mulu wa zovala za eni. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, inde, koma m'banja lotere tsiku limene mwana wakhala m'kalasi ndi tsiku logona ndi njala. Ndipo mtengo wa ntchito imeneyi timaika ndi ife. Chifundo chathu chimathamangira wamng'ono, wopanda nsapato, wotuwa. Wa zaka 7 amapeza zambiri kuposa wa zaka 15, ndipo woberekera khanda kumsana amaposa onsewo. Mabanja osauka si opusa, amaona chimene chikugulidwa. Ndiye musadabwe kuti ana a pa maloboti akunkabe nachepa msinkhu m'maso mwanu.

Choopsa chimabwera mawu akayamba kukula. Wafika zaka 14, 15, ndevu zayamba, anthu asiya kumumvera chisoni. Kulemba sadziwa, luso alibe, koma anazolowera kugwira ndalama tsiku lililonse. Amene amatsomphola foni pawindo la minibasi ndi kuzula wigi pamsika amachokera pamenepa. Ndiye bambo a kwanuwo alasa pang'ono, kungoti osati mmene akuganizira. Kamwana kamene kali pagalasi lanu lero si kambava. Ndi msewu umene udzakapange mbava tikakasunga pomwepo zaka zisanu.

Kwa ogoneratu panja nkhani ndi ina. Ndalama imene mwapereka kwa wamng'ono siikhala yake yonse, akuluakulu a gululo amadulapo msonkho, ndipo wokana amamenyedwa kapena kuthamangitsidwa pamalo pogona. Yotsalayo imapita ku tchipisi, ku vidiyo, ndiponso ku chamba, kachasu ndi guluu wonunkhiza uja. Tisafulumire kutukwana. Usiku wa mu Julaye pasimenti, m'mimba muli gwa, apolisi ndi alonda akuyendayenda, munthu amafuna chomuiwalitsa. Nsapato zatsopano mukamupatsa masana, pofika mawa zili paphazi la wina kapena pa kaunjika. Bulangete chimodzimodzi. Chakudya chomata m'pepala chimagulitsidwa. Atsikana simuwaona ambiri pa maloboti masana, koma alipo, ndipo zimene amakumana nazo usiku n'zoposa zonsezi.

Choncho kwa mwana, ndalama ayi. Pamenepa sindikuchita chibwibwi. Koma ndisanamalize kuwaikira kumbuyo bambowo, ndinenenso zimene zimandikwiyitsa. Unduna woona za ana wakhala ukulengeza kangapo kuti anthu asiye kupatsa ndalama ana a m'misewu, ndipo ambiri tinalandira uthengawo ndi manja awiri chifukwa unatimasula. Timakweza galasi, n'kuyang'ana kutsogolo ngati pagalasipo patera ntchentche, n'kumati tikutsata malamulo. Bodza. Kukweza galasi kokha si kuthandiza mwana, ndi kusunga K500 yako. Munthu ali ndi ufulu wosunga ndalama yake, koma asaiveke malaya a nzeru. Amene akuti "sindipereka chifukwa zimawaononga" ndimufunse kuti K500 imeneyo waipititsa kuti mwezi uno. Akakanda mutu, ndiye kuti vuto silinali kuononga ana ayi. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe pa maliro ndi pa ukwati, koma pa maloboti mwambiwo timautsekera kunja.

Ndipo mtima wofuna kuti angochotsedwa tisawaone si wa makolo athu, tinautengera. Malamulo a vakabu analowa kuno ndi atsamunda, muzu wake ndi lamulo la ku England la 1824 lolanga oyendayenda. Mu Malichi 2015 apolisi ku Blantyre anagwira Mayeso Gwanda, venda amene anali atalawirira kupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu. Iye anakasuma, ndipo mu Januwale 2017 Khothi Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu Disembala 2020 khothi la ufulu wa anthu la mu Africa, ku Arusha, linanenanso kuti malamulo otere amalanga munthu chifukwa cha umphawi wake. Koma gawo 180 limatchulabe wopemphetsa pamalo a anthu onse, pamodzi ndi wotuma mwana kukapempha, ngati olakwa. Wotuma mwana ndikumva. Koma gogo wosaona amene wakhala pansi pa mtengo ndi mbale, mukam'tsekera m'chitokosi mwakonza chiyani? Atuluka ndi njala yomweyo.

Kusesa ana ndi lole nakonso ndi masewera a chibisalirano. Amatengedwa lero, pakutha milungu ingapo mukawapeza pamalo pomwe paja. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchitoyi. Kubweza mwana kwawo kuli ndi ndondomeko yake, ndipo siifulumira. Wogwira ntchito amayamba wacheza naye pamsewu pomwepo kangapo, chifukwa dzina ndi mudzi zimene mwana amatchula tsiku loyamba kawirikawiri zimakhala zabodza. Kenako amamukopa kuti azibwera kumalo kumene angasambe, kudya ndi kuphunzira masana. Akaulula kwawo, munthu amapita kaye yekha kukaona chimene chinamuthamangitsa: bambo omupeza a nkhanza, agogo okalamba osunga zidzukulu zisanu ndi chimodzi, kapena mlandu wa nkhuku imene anaba n'kuopa chikwapu. Amakambirana ndi banja, nyakwawa ndi mphunzitsi wamkulu, mwana amalembetsedwanso sukulu, ndipo amayenderedwa miyezi ingapo. Mukadumpha sitepe imodzi, makamaka yoona chimene chinamuthamangitsa, mwangomulipirira ulendo wokaona abale, abweranso. Ndipo nthawi ndi yofunika: mwana amene wangofika kumene pamsewu, wooneka wosokonezeka, zovala zikadali zoyererako, ndi wosavuta kubweza kuposa amene wathapo chaka.

Osaona ndi ana owatsogolera

Munthu wamkulu ndi munthu wamkulu. Mukafuna kum'patsa m'patseni, ndipo musamulalikire za mmene aigwiritsire ntchito, inuyo abwana anu sakufunsani kumene mumapititsa malipiro. Mfundo yolimba ili pa kamwana kamene kakumutsogolera. Ndalama yanu ikudyetsa bambo, koma ikumangiriranso mwanayo paphewa pake. Chimene chimamasula mwanayo ndi ndodo yoyera ndi maphunziro a kuyenda wekha, zimene a Malawi Union of the Blind amazidziwa bwino, komanso ntchito zamanja zonga zimene amaphunzitsa ku Magomero m'boma la Chiradzulu, pansi pa bungwe lija tinkalitcha MACOHA, lomwe tsopano ndi MACODA. Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, unapangidwira mabanja ngati amenewa, osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, koma umatenga pafupifupi khomo limodzi pa makomo khumi alionse ndipo maziko ake ndi kumudzi. Wosaona wa lendi ku Ndirande ndi wosavuta kuphonya.

Pitani ku Limbe Lachisanu m'mawa mukaone mizere pamakhomo a masitolo, tsiku la sadaka. Ena amanyoza, ine ayi. Pali tsiku lodziwika, pali malo odziwika, munthu sachita kugogoda galasi pakati pa galimoto zothamanga. Asilamu alinso ndi zakaati, 2.5 peresenti ya chuma chosungidwa pachaka, imene ikasonkhanitsidwa pamodzi imalipira fizi ya ana. Mipingo imene imatolera chakhumi Lamulungu lililonse ikanakhala ndi kaundula wa mabanja khumi okha opemphetsa a m'dera lake, n'kumawayendera monga imayendera odwala, maloboti akanapepuka. Koma tikumanga matchalitchi a nsanjika. Iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Wodwala maganizo

Uyu ndalama alibe nayo ntchito kwenikweni. M'patseni chakudya ndi madzi, muike pafupi osam'panikiza, ndipo muletse ana kum'genda. Thandizo lenileni ndi kuchipatala cha boma cha m'dera lanu, kumene kuli anamwino a matenda a maganizo amene amatha kutumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital. Kumpoto kuli St John of God ku Mzuzu. Zimavuta pawiri: pamafunika wachibale womuyang'anira, ndipo akatuluka n'kusiya mankhwala, kaya atha kuchipatala kaya palibe womukumbutsa, matenda amabwerera ndipo msewu umamulandiranso. Ndiye ngati mukudziwa kwawo, kuuza abale ake kumene ali n'kwa mtengo kuposa chilichonse mungamuponyere.

Pali wachisanu amene sindinamutchule, wovala bwino uja wa "pepani mayi, andibera ndalama ya thiransipoti, kwathu ndi ku Ntcheu". Ena amanena zoona. Njira yake ndi imodzi: muuzeni kuti tiyeni ku depoti ndikalipire kwa kondakitala. Woberedwadi amathokoza n'kutsogola, winayo amakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi katundu kwina. Chimodzimodzi wa chikalata cha mankhwala: pitani naye ku famase.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale mtima utawawa bwanji: kunyamula mwana pamsewu kupita naye kwanu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limafuna kuti kulera mwana wa eni kudzere ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosafika zaka 14. Ambiri amene amati ndamutola ndimuphunzitse, pakutha miyezi itatu mwanayo ndi wokolopa ndi wotsuka mbale wosalipidwa. Akadzasowa, kapena chikadzasowa m'nyumba, mudzafotokoza chiyani kupolisi? Ndipo musamujambule n'kumuika pa Facebook atagwira buledi wanu.

Tsono yankho lanu, mayi. Tsitsani galasi pang'ono, foni ndi chikwama zili kutali ndi windo, mum'patse moni, mufunse dzina. Ngati muli ndi nthochi, chimanga chootcha kapena sikono, m'patseni chotsegula kale choti adye pomwepo. Ndalama ija muziiponya m'kachitini, K500 pa masiku 22 a ntchito ndi K11,000 pamwezi, mukapereke ku mabungwe othandiza ana a m'misewu, ku Chisomo, ku Tikondane konko ku Lilongwe, kapena ku Samaritan Trust ku Blantyre, mulandire lisiti. Kapena sankhani mwana mmodzi wa m'dera lanu, mugule yunifolomu ndi makope, zolipira za kusukulu mukapereke nokha kwa aphunzitsi aakulu. Mukaona nkhope yatsopano pa maloboti, kapena mwana wovulala, imbani 116, nambala yaulere ya ana, munene malo, nthawi ndi zimene wavala, kapena mudziwitse a Victim Support Unit kupolisi yapafupi. Bambowo muwauze kuti kachitini kaja kali ndi malo a K500 yawonso.