Foni ikukana kutchaja: musalipire kaye kwa amakanika

Achemwali ena a ku Zomba anditumizira imelo, akuti: "Tecno yanga imatchaja pokhapokha ndikapinda chingwe kapena kuchitsamiritsa pa buku, pano yasiyiratu. Wokonza mafoni wandiuza kuti charging system yafa. Ndipange bwanji?"

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Mawu oti charging system yafawa amatuluka msanga kwambiri m'mashopu mwathumu, nthawi zina munthu foniyo sanaitsegule n'komwe, ndipo zimandiwawa kuona anthu akulipira ndalama zambiri pa vuto loti akanathana nalo okha pakhomo.

Yambani ndi chingwe. Mkati mwake muli timawaya toonda kwambiri ndipo timaduka pafupi ndi mutu, makamaka ngati mumacheza pa WhatsApp foni ili pa chaja chingwe chitapindika pamimba. Bwerekani chaja yonse kwa aneba, mutu ndi chingwe chomwe, yoti mukudziwa kuti ikugwira, ndiye yanuyo muyesere pa foni ina. Ma chaja otchipa a m'mbali mwa msewu aja amalembedwa 5V 2A koma ambiri sapereka moto wofika pamenepo.

Koma mmene mwafotokozeramu, zoti mumachita kupinda chingwe, ine ndikukayikira kabowo kolowetsa chaja. Foni imakhala m'thumba kapena m'chikwama, tiubweya ta nsalu ndi fumbi zimalowa, ndiye nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazitsindira mkati mpaka zimaumbika kukhala kachimpanda, mutu wa chingwe sufikanso kumapeto. Chizindikiro chake ndi choti chingwe chimagwedera ndipo chimazuka chokha. Zimitsani foni, unikani ndi tochi, tengani kamtengo kotokosera mano mukasongole bwino ndiye muzikokera zinyalalazo kunja pang'onopang'ono. Singano kapena pini ya chitsulo ayi ndithu, mupinda timapini kapena kuchititsa shoti. Ngati kabowoko ndi ka Type-C, kaja kolowa chingwe ngakhale mutachitembenuza, muona kalilime pakati, zungulirani m'mbali mwake osakakankha, kakathyoka basi ndiye mwalowadi kwa amakanika. Mudabwa ndi zimene zituluke mmenemo.

China, ngati foni yakhala masiku ili yozima, batire limakhala latsika kupitirira. Mabatire a lithium awa akatsika pansi pa ma volts 3 foni imayamba kukoka moto pang'ono kwambiri podziteteza, ndiye sikirini ikhoza kukhala bii kwa mphindi 20 kapena 30 inu n'kumaganiza kuti yafa. Isiyeni pa soketi ya pakhoma ola lathunthu, osati pa laputopu poti ma USB akale aja amangopereka moto wochepa, 0.5A basi. Mukatero dinani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 15. A Samsung mudine pamodzi ndi lochepetsa volume.

Ngati inanyowapo ndi mvula kapena thukuta, yang'anani ngati mkati mwa kabowo muli zobiriwira, imeneyo ndi dzimbiri. Zoika foni mu mpunga zija sizithandiza, ndipo kuitchaja ili yonyowa ndi kumene kumaotcha zinthu. Ndiye pali ichi chomwe sindifuna muchite nacho masewera: mukaona chivindikiro cha kumbuyo kapena sikirini ikutukuka, batire lafufuma, musaitchajenso ngakhale kamodzi, musaiboole, ndipo isagone pafupi ndi ana chifukwa limatha kuyaka.

Zonsezi zikakanika pitani kwa amakanika koma mupite mukudziwa chofunsa. Auzeni ayeze pa mita inu mukuona kuti foni ikukoka moto wochuluka bwanji, ma amps angati. Ma Tecno, Itel, Infinix ndi Samsung a mtundu wa A ambiri ali ndi kabolodi kakang'ono pansi komwe kali ndi kabowo kaja, kolumikizidwa ndi kachingwe kopyapyala kotchedwa flex, ndipo kusintha kameneka ndi ntchito yaifupi komanso yosadula kwenikweni. Zimadula zikakhala kuti yapsa ndi charging IC ya pa bolodi yaikulu, kachipangizo koyendetsa moto wolowa mu batire, imeneyo imafuna munthu wodziwadi kuwotcherera, ndipo nthawi zambiri imapsa ndi ma chaja abodza, sola yopanda regulator yoletsa moto kupyola muyezo kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Ndiye funsani mwachindunji kuti chafa ndi chiti, kabolodi, IC kapena batire, mugwirizane mtengo asanatsegule, ndipo chimene achotsacho akupatseni m'manja.

Musanaisiye chotsani SIM ndi memory card, ndipo pasiwedi musapereke, kutchaja amayesa foni ili yokiya. M'fonimo muli Airtel Money kapena Mpamba wanu ndi zithunzi za banja. Mukayesa kutokosa kuja mundilembere kuti zatha bwanji, ndipo munditchulire kuti ndi Tecno iti.