Madigiri oyenera pa thanki ya flowerhorn ndi OB peacock kuno ku Lilongwe

Achimwene, mwafunsa kuti hita muitchere pa madigiri angati mu thanki ya malita 200 ya nsomba za flowerhorn ndi OB peacock, komanso ngati hitayo ndi yofunikadi poti wogulitsa wakuuzani kuti ku Malawi n'kotentha kale. Gulani hita. Lilongwe si Salima. Tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mu June ndi July m'bandakucha kunja kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Thanki yopanda hita imangotsatira chipinda, madzi n'kutsika pansi pa 20.

Nsomba ziwirizi ndi za hayibulidi, kutanthauza zosakaniza mitundu, ndipo zimatengera makolo. Flowerhorn anaipanga ku Malaysia m'zaka za m'ma 1990 posakaniza nsomba za mtundu wa cichlid za ku Central America, ndipo imafuna madigiri 26 mpaka 30. Ife timaiika pa 28. OB peacock ndi mbadwa ya nsomba za m'nyanja yathu, Aulonocara ndi mbuna, choncho 24 mpaka 27 zimaikwanira, ndipo 26 ndiye pabwino. Mukaziika pamodzi mungakakamire pa 27, koma sitikulimbikitsa. Flowerhorn ikakula imakana kukhala ndi mnzake, ndipo malita 200 ndi ochepa ngakhale kwa iyo yokha ikafika masentimita 30. Zilekanitseni.

Chimene chimadwalitsa nsomba kwambiri ndi kusinthasintha. Madzi okhazikika pa 26 ndi abwino kuposa ofika 29 masana n'kugwera pa 23 usiku. Akatsika mwadzidzidzi, nsomba imafooka, imapinda zipsepse, imakhala pansi osadya, ndipo pakapita masiku angapo mumaona timadontho toyera ngati mchere pathupi pake, matenda a ich amenewo. Kuzizira kumachedwetsanso kugaya chakudya, ndiye mukapitiriza kudyetsa monga mwa masiku onse, mimba imatupa.

Pa hita, werengani wati imodzi pa lita imodzi, ndipo ngati chipinda chimazizira kwambiri muonjezeko. Pa malita 200 ndi bwino kuika mahita awiri a mawati 150 kusiyana ndi imodzi ya 300. Imodzi ikafa, inayo imagwirizira, ndipo ikakakamira osazima, yaing'ono imachedwa kuphika nsomba. Iikeni mopendekeka chapansi, pafupi ndi pamene filter (chosefera madzi) imatulutsira madzi, kuti kutentha kufalikire. Flowerhorn imaguba zinthu ndi mutu ndipo imatha kuswa hita ya galasi, choncho ivekeni chotetezera cha pulasitiki. Manambala olembedwa pa hita musawakhulupirire okha, amaphonya ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Ikani thermometer yolowa m'madzi kumbali ina ya thanki, muziiwerenga m'mawa dzuwa lisanatuluke komanso cha m'ma 3 koloko masana. Zomata kunja kwa galasi zija zimasokonezedwa ndi mpweya wa m'chipinda. Mukafuna kukweza, muzikweza digiri imodzi patsiku.

Magetsi akazima nthawi yachisanu, tsekani chivundikiro, fundikani thanki bulangete, ndipo musadyetse. Kumbuyo ndi m'mbali matanipo styrofoam ya m'makatoni a firiji, ikhale pompo mpaka August. Magetsi akakhalitsa osayaka, thirani madzi ofunda m'mabotolo a pulasitiki, tsekani bwino, muwayandamitse. Madzi owira musawathire mwachindunji. Kapampu ka mpweya ka mabatire n'kofunika kuposa zonsezi, chifukwa filter ikaima mpweya umatha msanga kuposa kutentha.

Mu October ndi November vuto limatembenuka. Madzi akadutsa 30 amasunga mpweya wochepa pamene nsomba ikufuna wambiri, ndipo mudzaiona ili pamwamba kukamwa kuli yasa. Zimitsani getsi la thanki, tsegulani chivundikiro muikepo kaukonde kuti isadumphe, lozetsani fani pamwamba pa madzi, ndipo thanki isakhale pawindo la dzuwa. Hita musaichotse, imadzizimitsa yokha.

Posintha madzi, chotsani malita 50 mpaka 60 pa sabata. Zimitsani hita mphindi 15 musanayambe, apo ayi ikakhala pamtunda ili yotentha imang'aluka. Madzi a pa mpopi ali ndi chlorine, thiranimo mankhwala ochotsera, ndipo muwayeze mu ndowa asasiyane ndi a mu thanki kuposa digiri imodzi. Amene mumatunga ku thanki ya padenga samalani, chifukwa m'mawa wa June madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo masana a October amawotcha.

China, ndipo ichi chikutikhudza tonse: nsombazi zikakukanikani, mupatse mnzanu woweta nsomba, musakazitaye mumtsinje. Madzi a mtsinje wa Lilongwe amathira mu Linthipe n'kukafika ku nyanja, ndipo OB peacock imatha kuswana ndi nsomba zathu za kumeneko.