Yankho la agogo pa nkhani ya ukapolo ku America

Eya, moni nonse m'gulu muno. Mdzukulu wanga, funso lako ndinalimva usiku, koma ndinati ndiyankhe m'mawa mutu uli bwino. Wafunsa kuti zinatheka bwanji kuti anthu a dziko limodzi la America, owerenga Baibulo limodzi, afike pophana okhaokha chifukwa cha ukapolo. Ndingolankhula pakamwa, iwe umvetsere, pomwe sunamve ubwereze.

Usaganize kuti anangodzuka mu 1861 n'kuyamba kuwomberana, ayi. Chilondachi chinatukusira zaka zoposa 40. Kummwera kwa dzikolo chuma chawo chinali thonje. Makina ochotsa njere atatulukira mu 1793, thonje linayamba kubweretsa ndalama zambiri, ndipo olima, opalira ndi otola anali akapolo. Pofika 1860 akapolowo anali pafupifupi 4 miliyoni. Anthu amenewo, mwana wanga, okhala ndi mayina, ogulitsidwa pamsika, mayi uku mwana uko. Kumpoto ukapolo anali atausiya pang'onopang'ono.

Tsono mkangano unkabuka pati? Pa malo atsopano. Dziko linkakula kulowera kumadzulo, ndipo chigawo chilichonse chatsopano, zija amati ma state, chinkalandira mipando iwiri mu Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo. Ndiye nthawi zonse funso linali lakuti, chatsopanochi chikhala cha akapolo kapena ayi? Mu 1820 anagwirizana kuti Missouri alowe ndi akapolo, Maine alowe wopanda, n'kujambula mzere pamapu kuti kumpoto kwake ukapolo usapiteko. Anawomba m'manja kuti nkhani yatha. Koma taona, pabwalo lonselo mwini nkhani panalibe. Kapolo sanafunsidwe. Ine ndakhalapo pamilandu ya kumudzi, ndipo mlandu woweruza mwini wake palibe ndaona ukubweranso, kubweranso.

Unabweradi. Atalanda malo aakulu kwa Mexico mu 1848, anayambanso. Mu 1850 California analowa wopanda akapolo, koma a kummwera anawapepesa ndi lamulo logwira akapolo othawa. Apa ndiime pang'ono, chifukwa lamulo limeneli ndi limene linalowetsa nkhaniyi m'nyumba za anthu. Munthu wathawa, wafika kumpoto, wapeza ntchito, mwina wakwatira. Akamugwira, sankaloledwa kudziyankhira. Woweruza ankalandira madola 10 akamubweza kwa mbuye wake, koma madola 5 okha akamumasula. Wamva? Chilungamo anachiikira mtengo poyera. Ndipo iwe ukamubisa kapena kumuthandiza kuthawa, unkalipitsidwa mpaka madola 1,000 ndi kukhala m'ndende miyezi 6. Mu 1854 ku Boston anagwira mnyamata wina, Anthony Burns, amene anathawa ku Virginia. Anachita kubweretsa asilikali kuti amuperekeze kudoko, chikhamu cha anthu chitadzaza m'misewu kuonerera mokwiya. Ambiri amene ankati za ukapolo n'zakutali, tsiku limenelo anaziona ndi maso pakhomo pawo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi cha mipingo. Mipingo inagawanika dziko lisanagawanike. A Methodist anapatukana kuyambira mu 1844 chifukwa cha bishopu wina amene anali ndi akapolo. A Baptist mu 1845, pokangana ngati mwini akapolo angatumidwe kukhala mmishonale. Abusa a mbali zonse ankatsegula buku lomwelo, wina n'kuwerenga za Mose kutulutsa ana a Israeli, wina n'kuwerenga kuti akapolo mverani ambuye anu. Anthu akaleka kudyera limodzi mgonero, chotsala n'chochepa.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Mu 1854 lamulo la Kansas ndi Nebraska linafufuta mzere uja wa 1820, amvekere anthu okhala kumeneko avote okha. Mbali zonse zinathamangitsirako anthu awo ndi mfuti, magazi n'kukhetsedwa ku Kansas. Chipani cha Republican chinabadwa chaka chomwecho pokana zimenezi. Mu 1856 phungu wa ku South Carolina, Preston Brooks, anamenya Senator Charles Sumner ndi ndodo m'nyumba ya malamulo momwemo mpaka kukomoka, chifukwa cha zimene analankhula potsutsa ukapolo. Ndiye kwawo kummwera anthu anamutumizira ndodo zatsopano ngati mphatso. Apo uone pomwe mitima inafika.

Mu 1857 khoti lalikulu linaponya mafuta pamoto. Dred Scott anali kapolo amene mbuye wake anakhala naye zaka kumalo opanda ukapolo, ndiye anakasuma kuti ndine mfulu. Khoti, motsogozedwa ndi Roger Taney, linati munthu wakuda si nzika, alibe ufulu wosuma, komanso nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'malo atsopano aja. Kenako mu 1859 John Brown, mzungu, analowa ndi kagulu kake pamalo osungira zida ku Harpers Ferry kuti akapolo aukire. Zinalephereka, anamupachika pa 2 December. Kumpoto ena analiza mabelu a tchalitchi pomulira, kummwera anati mwaona, akufuna kutipha tili mtulo.

Abraham Lincoln wa chipani cha Republican atapambana pa chisankho cha pulezidenti mu November 1860, ndi mavoti pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, m'zigawo zambiri za kummwera dzina lake silinali n'komwe pachisankho. Mvetsa apa: iye sanalonjeze kuthetsa ukapolo kumene unali kale, anangoti usafalikire. Ndipo usawayese oyera mtima onse a kumpoto, ambiri sankafuna kukhala moyandikana ndi munthu wakuda, ndipo mafakitale awo ankadya thonje lomwelo. Komabe eni akapolo anaona kuti mpanda ukawazungulira, mawu awo m'boma atha. South Carolina anatuluka mumgwirizano wa zigawo za America pa 20 December 1860, ena n'kutsatira, ndipo pa 12 April 1861 mizinga inalira ku Fort Sumter, linga la asilikali a boma ku South Carolina. Anthu oposa 600,000 anafa nkhondoyo isanathe mu 1865.

Ukamawerenga pa intaneti ukumana ndi ena onena kuti nkhondoyi sinali ya ukapolo, inali ya ufulu wa zigawo kudzilamulira. Uwafunse modekha kuti, ufulu wochita chiyani? Zikalata zimene South Carolina ndi Mississippi analemba potuluka zilipo, ndipo zikutchula ukapolo mosabisa. South Carolina anadandaulanso kuti zigawo za kumpoto zikukana kubweza akapolo othawa. Ndiye ufulu wa zigawo ankaufuna ukakhala wawo wokha.

Usaiwalenso kuti zaka zomwezo kuno kwathu anthu ankamangidwa magoli. Chaka chimene John Brown anapachikidwa, 1859, ndi chimene David Livingstone anafika kunyanja yathu. Mu July 1861, nkhondo ya ku America itangoyamba, iye ndi amishonale opita ku Magomero anamasula gulu la akapolo pamudzi wa Mbame. Athuwa ambiri ankawatengera kummawa, ku Kilwa ndi Zanzibar, kudzera madoko ngati Nkhotakota. Ndipo John Chilembwe, amene umamuona pa ndalama, anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia chomwecho, pasukulu ya a Baptist akuda, pakati pa anthu amene ena anabadwira mu ukapolo, asanabwerere kudzayamba mishoni ku Mbombwe mu 1900.

Za nkhondo yeniyeniyo ndi mmene akapolo anamasulidwira ndidzakuuza Loweruka. Unditumizire funso lija mmene aphunzitsi analembera, tione ngati pali mbali imene ndadumpha. Upereke moni kwa amayi ako.