Bolodi yanji ingapirire mafunde a ku Senga Bay?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chilomoni. Akuti amalemera makilo 78, anaphunzira kite, masewera otsetsereka pamadzi utaima pa bolodi kaiti yaikulu ikukukoka ndi mphepo, ali ku Paje ku Zanzibar, pano amatha kuimirira n'kuyenda mbali zonse ziwiri koma kukwera chokumana ndi mphepo kukuwavutabe. Mnzawo wa ku Cape Town wawapezera twin tip ya kaunjika, bolodi ya nsonga ziwiri zofanana yoyenda mbali zonse osaitembenuza, masentimita 132 mulitali ndi 39 mulifupi, ya carbon, mtengo wake wozizira, akuti angoikweza basi ya ku Joni adzailandirire pa Wenela. Ndiye akufunsa, aigule poti azikaseweretsa ku Senga Bay nthawi ya mwera?

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye.

Kumene munaphunzirako madzi ake ndi ogona, reef, matanthwe a m'madzi aja, imatchinga mafunde akuluakulu kunja uko inu n'kumangotsetsereka ngati pa tebulo. Kunyanja kwathuku ndi nkhani ina. Mwera ukakwiya, makamaka June mpaka August, umachokera kummwera chakummawa ndipo mafunde ake sabwera motalikirana ngati a nyanja yamchere, ndi afupiafupi, othithikana, lina likukumenya linzake lafika kale, ngati uli pa kabaza mumsewu wafumbi wa mabampu okhaokha. Bolodi ya carbon yolimba gwa anaipangira anyamata odumpha pa madzi osalala. Siipinda, ndiye bampu iliyonse imadutsa mu bolodi n'kukathera m'mawondo mwanu. Ineyo ndinagulapo yotero chifukwa chokopeka ndi maonekedwe, nditasewera masiku awiri okha ndinabwerera ku Blantyre Lolemba ndikukwera masitepe a kuofesi chogwira khoma ngati agogo.

Pa makilo anuwo komanso poti mukadali kuphunzira, funani yapakati pa 136 ndi 139 mulitali, mulifupi 41 kapena 42. Anthu amakonda kuyang'ana kutalika koma chimene chimakunyamula msanga pamadzi ndi mulifupi, kusiyana kwa 39 ndi 42 kumamveka kumapazi kuposa momwe manambalawo akuonekera. Ka 132 kaja kamafuna mphepo yamphamvu yosadukiza, pamene mwera umabwera mwa befu, pano wakoka pano waleka, ukangoleka inu mwamira mpaka m'chiuno kaiti ili m'mwamba ikukuyang'anani. Komanso musalumphire ku zimabolodi za 145 kupita m'mwamba zija. Zimathandiza tsiku lopanda mphepo inde, koma m'mafunde othithikana zimangomenya phwa phwa, kuzigwira m'mphepete kuti zilume madzi ndi ntchito.

Kapangidwe ndi pamene pagona nkhani. Iikeni bolodi pansi pa simenti muone momwe nsonga zake zanyamukira, kupindika kumeneko ndi kumene amati rocker. Yogona thasa imathamanga ndipo imakwera mphepo bwino, koma mphuno yake imalowa mu funde n'kukugwetsani chafufumimba. Yopindika kwambiri ngati nthochi imadya mphamvu ya kaiti. Tengani yapakatikati. Kenako iimikeni, gwirani kumwamba, kankhani pakati ndi dzanja. Ikamavomera pang'ono ndiye yabwino, zambiri zotere mkati mwake ndi thabwa la paulownia. Nsonga zikhale zocheperako komanso zozungulira m'makona, chifukwa za makona anayi zija zimakuwazira madzi kumaso tsiku lonse mpaka maso psuu. Ma fin, tizipsepse ta pansi pa bolodi, a masentimita 5 akuthandizani kugwira madzi, ndipo ma pad opondapo mapazi akhale ofewa, za ma boot, nsapato zomangirira ku bolodi zija, iwalani.

Ena adzakuuzani kuti madzi opanda mchere sayandamitsa ndiye mugule yaikulu. Kusiyana kulipo koma ndi kochepa, ngati 2.5 peresenti, ndipo twin tip siyandama ndi munthu pamwamba ngakhale ku nyanja yamchere, chimaikweza ndi liwiro. Zimenezo zisakusokonezeni mutu.

Directional, bolodi ya mphuno kumodzi yooneka ngati surfboard, imadula mafunde mokoma kwambiri, koma pokhota umayenera kusintha mapazi, ndiye dikirani chaka chamawa.

Mwina tsiku lina mudzati Salima yatalika, ndingodzera Mangochi ndikafike ku Cape Maclear. Samalani, gombe la ku Chembe linafulatira mwera, mphepo imadutsa pamapiri n'kumakankhira kunyanja, ukagwetsa kaiti sikubwezera kumtunda. Senga Bay inayang'ana kummawa ndiye mphepo imakubweretsa kumchenga, kungoti kumeneko muziyang'ana maukonde ndi mabwato a asodzi, komanso ana osamba m'mbali, zingwe za kaiti zikakungika zimacheka.

Mnzanu wa ku Cape Town uja muuzeni afufuzenso, kumeneko nyengo ya kite imatha cha mu March ndiye anthu amagulitsa zida zambiri. Asanalipire ajambule m'mphepete monse muone ngati simunayambe kusupuka, amasulenso ma screw a malamba olowetsamo mapazi aone ngati mabowo ake sanadyeke, chifukwa kuno mukaifikitsa ili yothetheka palibe amene angakukonzereni ku Ndirande.