ANA yatuluka positive, kodi ndi lupus basi?

Mayi, ndawerenga funso lanu. Mwati mwana wanu wamkazi wakhala akudandaula kuphwanya kwa mfundo ndi kutopa kosatha, wapimidwa magazi, ANA yatuluka positive, ndiye mukufuna kudziwa ngati ndi lupus. Mtima m'malo kaye. Pepala limenelo palokha silinagamule kanthu.

Thupi limapanga ma antibody oti azigwira tizilombo toyambitsa matenda. Kwa wodwala lupus, ena mwa ma antibody amenewa amatembenukira thupi lomwelo, makamaka zinthu za m'kati mwa maselo monga DNA. Amenewo ndiwo ma autoantibody, ndipo kupima kwa ANA kumafufuza amenewa m'magazi. Choncho musafanizire ndi HIV. Apa asilikali a m'thupi sanachepe ayi, koma akuwombera kwawo komwe.

Pa odwala lupus 100, opitirira 95 ANA yawo imatuluka positive. Vuto n'lakuti imatulukanso choncho kwa anthu ambiri abwinobwino. Yang'anani papepalapo, pali nambala yolembedwa ngati 1:40, 1:80 kapena 1:160; nambala yachiwiriyo ikakula, ndiye kuti ma antibody amenewa ndi ochuluka. Kafukufuku wa mu 1997 anapeza kuti mwa anthu athanzi, pafupifupi mmodzi pa atatu alionse anali positive pa 1:40, koma pa 1:160 anali asanu okha pa 100. Ndondomeko yozindikirira lupus imene akatswiri a ku Ulaya ndi America anagwirizana mu 2019 imayambira pa 1:80, ndipo pamwamba pake pamafunika zizindikiro zooneka: zotupa pankhope zopingasa pamphuno, zilonda m'kamwa, kuthothoka tsitsi, mfundo zotupa, vuto la impso.

Funso loti mukafunse adokotala ndi ili: ndi ma antibody ati? Chifukwa sachita zofanana.

Anti-Sm amapezeka mwa odwala ochepa, koma akapezeka kawirikawiri ndi lupus ndithu. Amene ine ndimawaopa ndi anti-dsDNA. Amenewa amamatirana ndi tizidutswa ta DNA n'kupanga timibulu timene timakakhazikika m'tisefa ta impso, pamenepo n'kuyambitsa kutupa. Akamakwera, kwinaku mapuloteni a chitetezo cha thupi otchedwa C3 ndi C4 akutsika m'magazi, nthawi zambiri matenda amakhala akudzuka. Kuipa kwake, impso zimawonongeka mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse. Mumangoona mkodzo ukuchita thovu losatha msanga, mapazi atupa madzulo mpaka nsapato kuthina, zikope zatupa m'mawa, BP yakwera. Kupima mkodzo ndi kapepala koviika kaja n'kotsika mtengo poyerekeza ndi mapimidwe enawa, ndiye ngati ndalama zavuta, chimenecho chokha musachiphonye. Lupus imagwira akazi kwambiri, asanu ndi anayi pa odwala khumi, ndipo kwa ife anthu akuda imakonda kufika ku impso.

Poti mwana wanu ndi wa msinkhu wobereka, pali ena awiri ofunika kuwadziwa asanatenge pakati. Oyamba ndi ma antiphospholipid, amene amaundanitsa magazi m'mitsempha ndipo amachititsa kuti mayi azingopita padera. Amapimidwa kawiri, motalikirana masabata 12, chifukwa nthawi zina amabwera n'kupita okha. Amenewa ali ndi khalidwe lina lopasula mabanja: amatha kuchititsa kuti VDRL, yopimira chindoko, ituluke positive munthu alibe chindoko n'komwe. Achiwiri ndi anti-Ro. Amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana m'mimba, ndipo pa mimba ziwiri mwa 100 amasokoneza kagundidwe ka mtima wa mwanayo. N'zochepa, koma adokotala akadziwiratu amalondola mtima wa mwanayo pa sikelo.

Muwauzenso mankhwala onse amene akumwa. Hydralazine wa BP ndi isoniazid wa TB amatha kuyambitsa matenda ofanana ndi lupus, amene amatha munthu akasiya mankhwalawo. Koma asasiye yekha, asiyitsidwe ndi adokotala.

Nanga adokotala akanena kuti si lupus, mungoiwala? Osati kwenikweni. Mu 2003 ofufuza a ku America anabwerera ku magazi osungidwa a asilikali 130 amene pambuyo pake anadwala lupus, ndipo mwa 88 pa 100 ma autoantibody analipo kale matenda asanadziwike, ena zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyo. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wa ANA positive adzadwala, ambiri sadwala. Koma popeza mwana wanuyo ali kale ndi zowawa, sungani mapepala onse, jambulani pa foni chotupa chilichonse chikatuluka chifukwa tsiku lokaonana ndi adokotala chimakhala chitazilala, ndipo abwererenso akaona chachilendo. Ikatsimikizika kuti ndi lupus, mankhwala alipo. Ambiri amayamba ndi hydroxychloroquine, amene amamwedwa ngakhale munthu ali woyembekezera.